Musathamangire .44 Magnum pofuna kudziteteza

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhule ndi anthu amene ali ndi chiphaso chosungira mfuti, kapena akuchiyembekezera, ndipo mtima wawo uli pa revolver (mfuti ya m'manja ya chigubu chozungulira chosungiramo zipolopolo) yaikulu ngati .44 Magnum poganiza kuti imeneyo ndiyo ingateteze bwino banja lawo. Ndisanapume pa ntchito ndinkaphunzitsa anthu kuwombera, ndipo funso loyamba la ophunzira ambiri, makamaka abambo, linali lakuti, "Yamphamvu kwambiri ndi iti?" Funsoli limandidetsa nkhawa mpaka lero. Loyenera kufunsa ndi ili: ndi mfuti iti imene ndingalase nayo pamene ndalunjika, kawiri kapena katatu motsatizana, kuli mdima, manja akunjenjemera?

Chipolopolo cha .44 Magnum sichinapangidwire m'nyumba. Chinatuluka pakati pa zaka za m'ma 1950 ku America, Elmer Keith, mlenje wodziwika, atakhala nthawi yaitali akuwonjezera wonga m'zipolopolo za .44 Special pofuna kupha nyama zikuluzikulu ndi mfuti ya m'manja. Kampani ya Remington inapanga chipolopolocho, ya Smith & Wesson n'kupanga mfuti yake imene kenako inatchedwa Model 29. Mutu wa chipolopolo chofala umalemera pafupifupi magalamu 15.5 ndipo umathamanga mamita oposa 350 pa sekondi. Kwa munthu wa ku Alaska amene akuopa chimbalangondo m'nkhalango, imeneyi ndi mfuti yoyenera. Za .500 S&W Magnum ya mu 2003, imene mfuti yake yokha imafika makilogalamu awiri, sindichedwapo n'komwe.

Mphamvu imene imatulutsa chipolopolo kutsogolo imabwereranso m'dzanja la wowombera, ndipo thupi limaphunzira msanga kuiopa. Munthu akawomba kangapo mfuti yopweteka dzanja, amayamba kuphethira ndi kukankhira mfuti pansi chipolopolo chisanatuluke. Iye sadziwa kuti akutero, ndipo ukamuuza amakana. Njira yomuonetsera ndi yapafupi: mphunzitsi amaika zipolopolo m'chigubu chozungulira chija koma bowo limodzi n'kuikamo chigoba chopanda kanthu, wophunzira osadziwa kuti chili pati. Akafika pa chigobacho mfuti silira, koma kukamwa kwake kumagwadira pansi poonekeratu. Ndaona amuna a matupi akuluakulu akuchita zimenezi ndi .44 Magnum, chipolopolo chenicheni n'kumagwa m'dothi chandamale chili mamita asanu ndi awiri okha. Nkhwangwa yolemera kuposa mkono wa mwini wake imatema pambali.

Tiwonjezerepo phokoso. Madokotala a makutu amati phokoso loposa ma decibel 140 likhoza kuwononga kumva nthawi imodzi, ndipo mfuti za Magnum zimapitirira 160. Kumalo ophunzirira timavala zotchinga makutu. Usiku m'chipinda simudzakhala nazo, makoma adzabweza phokosolo, ndipo moto wotuluka kukamwa kwa mfuti udzakuthobwani m'maso kwa kanthawi. Simudzamva mkazi wanu akukuitanani, simudzamva apolisi akufuula panja.

Chimene chimandivutitsa kwambiri n'chakuti chipolopolo chilichonse chimakaima penapake. Cha ulenje chinapangidwa kuti chiboole chikopa chokhuthala ndi mafupa a nyama. Chikaphonya, ngakhalenso chikalasa, chikhoza kudutsa chitseko, zenera kapena khoma lopyapyala n'kukafika pamene pagona mwana wanu kapena wa mnansi. Mwini mfuti ndiye adzayankhe mlandu wa chipolopolocho, ndipo ngakhale bwalo litamumasula, mtima wake sudzamumasula.

Amene amakhulupirira kuti kukula kwa chipolopolo ndiye yankho aone zimene bungwe la apolisi ofufuza milandu ku America la FBI linadutsamo. Pa 11 April 1986, ku Miami, apolisi ake awiri anaphedwa ndipo ena asanu anavulala powomberana ndi zigawenga ziwiri. Chimodzi mwa zigawengazo chinalasidwa koyambirira koma chipolopolo chinaima chisanafike pa mtima, ndipo chigawengacho chinapitiriza kuwombera. Zitatero, FBI inakhazikitsa muyeso wakuti chipolopolo chabwino chizilowa mainchesi 12 mpaka 18, kutanthauza masentimita 30 mpaka 46, m'phala loundana loyesera zipolopolo. Inasamukira ku zipolopolo zazikulupo, za 10mm kenako za .40 S&W. Koma cha m'ma 2015 inabwerera ku 9mm. Chifukwa chake chinali chakuti zipolopolo zamakono zocheperapo zikufika pa muyeso womwewo, ndipo apolisi amalasa bwino komanso mofulumira ndi mfuti yosakankha kwambiri. Amenewa ndi anthu ophunzitsidwa mobwerezabwereza ndi ndalama za boma. Nanga munthu wamba amene amakayeserera mwa apo ndi apo?

Kwa amene wasankha revolver, malangizo anga ndi awa: mfuti yachitsulo chenicheni ya .357 Magnum, ya mpope wa mainchesi atatu kapena anayi, monga Ruger GP100 kapena Smith & Wesson 686. Zimenezi zimalemera kupitirira pang'ono kilogalamu imodzi, ndipo kulemerako ndi kumene kumameza kukankha kwa mfuti. Koma muikemo zipolopolo za .38 Special. Ambiri amadabwa ndikatero chifukwa manambala akusiyana, koma mitu ya zipolopolo ziwirizi ndi yofanana kukula, pafupifupi mamilimita 9. Cha .38 Special ndi chakale, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo apolisi ambiri anachigwiritsa ntchito kwa zaka makumimakumi. Cha .357 Magnum chinabwera mu 1935, ndipo chigoba chake anachitalikitsa dala ndi mamilimita atatu kuti chisalowe m'mfuti ya .38, popeza mphamvu ya mpweya wake m'kati mwa mfuti ndi pafupifupi kawiri. Choncho mfuti ya .357 imalandira zonse ziwiri, koma ya .38 imalandira zake zokha. Wogula .357 amayamba ndi zipolopolo zofatsa, kenako za .38 Special +P zimene zili ndi mphamvu yowonjezerako, ndipo ngati dzanja lake litakhwima akhoza kuyesa za Magnum osagulanso mfuti ina. Kungoti mukawombera za .38 zambiri muzitsuka mabowo a chigubu, chifukwa mwaye umaunjikana kutsogolo kwa chigoba chachifupicho ndipo chachitali chimavuta kulowa kapena kutuluka.

Chenjerani ndi timfuti topepuka kwambiri ta .357, tina tolemera magalamu osafika 400. M'sitolo timakopa chifukwa timalowa m'thumba. Kuwombera Magnum m'kamfuti kotere kumapweteka moti mwini wake amasiya kuyeserera, ndipo nthawi zina kugwedezekako kumasolola mitu ya zipolopolo zotsala mpaka chigubu kukanika kuzungulira.

Ndikudziwa kuti ena sangasinthe maganizo, afuna bowo lalikulu basi. Kwa amenewo pali njira yapakati. Mfuti ya .44 Magnum imalandira .44 Special monga momwe ya .357 imalandirira .38, ndipo chipolopolo chimenechi n'cholemera koma choyenda pang'onopang'ono, chokankha mofatsa. Cha .45 Colt, cha mu 1873, nachonso chimakankha mofatsa m'mfuti yakeyake chikakhala cha mphamvu wamba. Vuto lotsala ndi kukula kwa mfutiyo. Chogwirira chikakula, chala sichifika bwino pa trigger, kachitsulo kamene chala chimakoka kuti mfuti ilire.

Nkhani ya chala ndi yofunika kuposa mmene ogula amaganizira. Kuti revolver ilire popanda kukoka hamala yakumbuyo, chala chimafunika kukoka ndi mphamvu ya makilogalamu anayi kapena asanu, ulendo wautali ndithu. Ngati mfutiyo idzagwiritsidwanso ntchito ndi mayi wa m'nyumba, kapena munthu wachikulire wa nyamakazi m'zala, ayese yekha asanagule, malamulo akamulola. Ena amazemba vutoli pokoka hamala kaye kuti trigger ifewe. Pa nthawi ya mantha musatero, chifukwa kudzidzimuka pang'ono kokha mfuti yalira. Ndiponso chala chilichonse chisayandikire mpata wa pakati pa chigubu ndi mpope. Pamenepo pamatuluka mpweya wamoto umene pa mfuti za Magnum ukhoza kung'amba chala.

Pa mtundu wa zipolopolo, zodzitetezera zimakhala za mutu wa bowo, zotchedwa hollow point, zimene zimatambasuka zikalowa n'kuima msanga. Za mutu wobulungira wokutidwa ndi mkuwa zimangoboola n'kupitirira, ndipo n'zabwino poyeserera. Malamulo a mayiko amasiyana pa hollow point, kwina n'zoletsedwa, choncho funsani ofesi imene inakupatsani chiphaso musanagule. Gulani za kufakitale kwa wogulitsa wovomerezeka, osati zodzazidwa ndi munthu amene simukumudziwa, ndipo muwombereko zina za m'bokosi lomwelo kuti mudziwe pamene zimagwera ndi mfuti yanu.

Tsopano ndinene chimene ogulitsa sakonda kuchitchula. Mfuti ikalowa m'nyumba imabwera ndi ngozi yake. Kafukufuku wa Arthur Kellermann ndi anzake, wofalitsidwa mu 1993 ku America, anapeza kuti m'nyumba zosunga mfuti chiopsezo chakuti wina aphedwa chinali chokwera pafupifupi katatu, ndipo nthawi zambiri wakupha anali wachibale kapena wodziwana naye. Akafukufuku ambiri apezanso kuti kudzipha kumachuluka kumene kuli mfuti pafupi, chifukwa maganizo oipa a kanthawi kochepa sapeza mpata woti adutse. Revolver nthawi zambiri ilibe kachotsekera koteteza ngati mfuti zina za m'manja, ndipo mwana wamng'ono akhoza kuiliza ndi zala zake zazikulu ziwiri. Malo ake ndi bokosi lachitsulo lokhoma, lomangidwa pakhoma kapena pansi, osati pansi pa pilo kapena pamwamba pa kabati. Ngati m'nyumba muli munthu amene akuvutika maganizo, woledzera mwachiwawa, kapena banja likukangana mpaka kumenyana, mfuti isalowemo, kaya ndi ya .38 kaya ya .44.

Pambali pa bokosilo pakhale tochi yowala bwino. Osawombera chithunzithunzi kapena phokoso la mumdima, chifukwa amene akuyenda usiku m'nyumba nthawi zambiri ndi wa m'nyumba momwemo. Ndipo m'mayiko ambiri lamulo limalola kuwombera munthu pokhapokha moyo uli pangozi nthawi yomweyo, osati pobwezera, osatinso kwa wakuba amene watembenuka n'kumathawa. Aliyense afunse bwino malire a lamuloli kwawo asanabwere ndi mfuti kunyumba.

Pempho langa kwa ogulitsa mfuti ndi aphunzitsi anzanga amene akadali pa ntchito ndi lakuti asalole munthu kulipira revolver yaikulu asanaiwombe. Muikireni chandamale cha kukula ngati pepala la m'kope pa mtunda wa mamita asanu ndi awiri, awombe zipolopolo zisanu ndi chimodzi mosadukiza, osakoka hamala. Achite chimodzimodzi ndi .38 Special m'mfuti ya .357. Kenako mupatseni mapepala onse awiri awerenge yekha mabowo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa kawomberedwe ka mfuti wopuma pa ntchito