Makina a 3D osakaniza zipangizo: tifunse za pomwe zakumanirana

A Mkonzi,

Ndalemba kuti ndidandauleko za momwe anthu akuchemerera makina a 3D aja osindikiza chinthu chimodzi ndi zipangizo ziwiri kapena zitatu. Mavidiyo ali mbwee pa intaneti, chinthu chikutuluka mbali ina pulasitiki yolimba mbali ina yofewa, aliyense akuomba m'manja koma olo mmodzi wofunsa kuti pomwe ziwirizo zakumanirana mpolimba bwanji palibe, chonsecho nthawi zambiri chikathyoka chimathyokera pomwepo.

Makinawa amasungunula pulasitiki nkumaiyala mizeremizere. Kuti mzere watsopano ugwire wapansi pamafunika wapansiwo ufewenso ndi kutentha, tinthu tating'onoting'ono ta m'kati tilowererane. Pulasitiki yotchedwa PLA pa PLA inzake zimatheka bwinobwino, nchifukwa chake kusintha mtundu, yofiira pano yakuda apo, si nkhani ayi. Vuto ndi pamene mapulasitiki ake ndi osiyana. PLA imatuluka pa madigiri pafupifupi 200 ndipo imayamba kufewa cha pa 60, pomwe pulasitiki ina yotchedwa ABS imafuna cha m'ma 240 ndipo kuti ifewe mpaka idutse 100. Ndiye muyale PLA pamwamba pa ABS yozizira kale, kutentha kwake kumakhala kopelewera, imangokhalapo basi osagwira kwenikweni, kenako pozizira ABS imakhwinyata kwambiri kuposa inzakeyo ndiye pamalumikiziropo pamakhala pakukokana kale chinthucho musanachigwiritse nkomwe ntchito.

PLA ndi pulasitiki inanso yotchedwa PETG ndiye zimakanana zedi moti anthu amachita dala kuika imodzi ngati chochirikizira inzake kuti akamaliza angomatula ndi dzanja. Tangoganizani wina osadziwa izi apange chogwirira cha chinthu cholemera ndi ziwiri zomwezo. Polypropylene nayo siifuna kumata pa pulasitiki ina pafupifupi iliyonse.

Ku zitsulo nkhani yake ndi yolemera kuposa apa. Aluminiyamu imasungunuka pa madigiri 660, stilo kupitilira 1,400, ndipo zikasungunukira pamodzi pakati pake pamabadwa kansalu kolimba koma kophwanyika msanga, sikapindika, kamangosweka. Titanium ndi stilo nchimodzimodzi, mainjiniya amachita kuika chitsulo china pakati monga vanadium, kapena kusintha msakanizo pang'onopang'ono kuti pasakhale malire akuthwa. Sikuti nzosatheka ayi, a NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, mu 2017 anayesa kachipangizo koyatsira injini ya roketi kosindikizidwa ndi msakanizo wa kopa pamodzi ndi chitsulo china chotchedwa Inconel, koma taonani mau ake, anayesa, anachita kukayatsa moto weniweni asanakakhulupirire.

Njira zothandiza zilipo ndithu. Pulogalamu ya pakompyuta yokonzera zinthu zoti makinawa asindikize yotchedwa Cura, kuyambira mtundu wake wa 5.3 mu 2023, inabwera ndi njira yoti zipangizo ziwiri zilukane ngati zala za manja awiri, moti olo zisamatane zimakolana. Kuumitsa pulasitiki musanasindikize kumathandizanso, makamaka nayiloni ndi pulasitiki yofewa ya TPU zomwe zimamwa chinyezi kwambiri, komanso popanga pulani ya chinthucho malumikiziro asakhale pomwe katundu akukoka mwachindunji. Koma zonsezi wogula wamba samauzidwa, amangouzidwa kuti makina awa amatenga mafilamenti (ulusi wa pulasitiki womwe makinawo amasungunula) anayi kapena asanu ngati kuti aliwonse amagwirizana.

Chomwe chikundiwawa ine nchoti zinthu izi zayamba kupangidwa zoti munthu avale kapena atsamire, zochirikiza dzanja lovulala, zogwirira, mbali za manja ochita kupanga. Izi zikamatuka ali mkati mozigwiritsa ntchito wovulala ndi munthu.

Pempho langa kwa atolankhani anu, mukamalemba za makina amenewa muziwafunsa opanga ndi ogulitsa kuti kodi anakoka kachidutswa koyesera mpaka kuduka, ndipo kanadukira pati, m'kati mwa pulasitiki kapena pamalumikiziro, nanga pa mphamvu yochuluka bwanji. Yankho lakelo muzililemba m'nyuzipepamo ndi manambala ake omwe.

Ine wanu,
Wowerenga