Chisamani chikaperekedwa molakwika, mlandu umagwa usanayambe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za chisamani, chikalata chomwe ambiri timachiopa koma sitichimvetsa. Pa milandu ya pakati pa anthu, monga ya ngongole, malire a malo, kuphwanya mgwirizano kapena chipukuta misozi cha ngozi ya pamsewu, anthu ambiri amaluza kapena kutaya ndalama pa nkhani ya kaperekedwe ka chikalatachi, woweruza asanamve n'komwe kuti wolakwa ndani.

Zisamani zilipo ziwiri ndipo anthu amazisokoneza. China chimadziwitsa munthu kuti wasumiridwa ndipo ayankhe. China, chomwe maloya amati subpoena, chimaitana mboni kuti ikapereke umboni kapena ikabweretse zikalata zomwe ikusunga. Wolandira chachiwirichi sakuzengedwa mlandu, koma ndi lamulo la bwalo, si pempho.

Ku Bwalo Lalikulu, kaya ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, milanduyi imayenda ndi malamulo omwe adayamba kugwira ntchito mu 2017, m'malo mwa aja tidatengera ku England. Wodandaula akalembetsa mlandu, chisamani n'kudindidwa, udindo wokachifikitsa kwa wodandaulidwa ndi wake. Mwambo wake ndi wakuti chiperekedwe m'manja mwa mwini wake, pamodzi ndi chikalata chofotokoza dandaulo. Kusiyira mlonda pageti, mwana wapakhomo kapena woyandikana naye nyumba, kenako n'kukanena kuti mwapereka, ndiko kumagwetsa milandu. Ngati wosumiridwayo ndi kampani, chisamani chipite ku ofesi yake yolembetsedwa m'kaundula, osati ku shopu iliyonse yomwe ili ndi dzina lake pakhoma. Ngati ali ndi loya yemwe wavomera kulandira zikalata m'malo mwake, kupereka kwa loyayo n'kokwanira, koma chivomerezocho chikhale cholembedwa.

Wopereka uja ntchito yake sithera pamenepo. Alembe nthawi yomweyo tsiku, ola, malo, dzina la wolandira ndi momwe adamuzindikirira, chifukwa zonsezi zimalowa m'chikalata cholumbirira chomwe chimakhala umboni wakuti chisamani chidafika. Ambiri amadikira masabata angapo, n'kumalemba zokumbukira. Tsiku likasemphana ndi lomwe lili pa kope lomwe wolandira adasaina, loya wa mbali inayo sachedwa kugwira pomwepo.

Nanga munthu akamazemba? Pali chikhulupiriro chakuti ukakana kugwira pepalalo kapena kusaina ndiye kuti mlandu sukukhudza. Si zoona. Wopereka akakuuzani kuti ichi ndi chisamani n'kuchiika pamaso panu, mwalandira. Ndipo munthu akabisala kotheratu, wodandaula angathe kupempha bwalo kuti limulole kupereka m'njira ina, monga kulengeza m'nyuzipepala kapena kusiya kwa munthu yemwe n'zodziwika kuti akachifikitsa. Chilolezo chiyambe chatuluka. Bwalo limafuna kuona kuti mudayesetsa: mudapita kangati, masiku ati, mudapeza ndani. Kungotumiza chithunzi cha chisamani pa WhatsApp mwa nokha n'kudziika pachiswe, ngakhale foni itaonetsa kuti uthengawo wawerengedwa.

Tsopano kwa inu olandira. Ku Bwalo Lalikulu muli ndi masiku 14 oti muyankhe, ndipo mukasonyeza kuti mukukana mlanduwo, mawu anu odziteteza akhale atalowa pasanathe masiku 28 kuchokera tsiku lomwe mudalandira chisamani. Mukakhala chete, wodandaula amatenga chikalata cholumbirira chija n'kupempha chigamulo inu kulibe. Ambiri amadzidzimuka a sherifu atafika kudzalemba mipando, firiji ndi galimoto. N'zotheka kupempha kuti chigamulo choterocho chichotsedwe, ndipo malamulo amapereka miyezi itatu kuchokera pomwe chidaperekedwa, koma muyenera kufotokoza chomwe chidakulepheretsani kuyankha ndi kuonetsa kuti muli ndi mfundo zenizeni zodziteteza. Mukapitirira miyezi itatuyo, mufotokozenso za kuchedwako. Zonsezi ndi ndalama zomwe mukadasunga mukadapita kwa loya kapena ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, sabata yoyamba. Ku mabwalo a majisitireti malamulo ake ndi ena, choncho werengani tsiku lolembedwa pa chisamanicho, musatengere masiku a ku Bwalo Lalikulu.

Wofuna kusumira boma akumbukire chinthu china: lamulo limafuna kuti ayambe walembera Attorney General, yemwe ndi mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, chidziwitso, n'kudikira miyezi itatu asanatsegule mlandu. Kulumpha pamenepa kumapatsa mbali ya boma chifukwa chotsutsira mlandu wonse.

Pa za mboni, cholakwika chachikulu ndi kuchedwa komanso kusalongosola. Mboni yochokera ku Karonga singalandire chisamani madzulo n'kuyembekezeka ku Blantyre m'mawa mwake. Woitanayo aipatse nthawi yokwanira ndiponso aganizire za ulendo ndi malo ogona, pakuti mboniyo ikusiya ntchito zake chifukwa cha mlandu wa eni. Ngati mukufuna zikalata, tchulani zenizeni: sitetimenti ya akaunti yakuti, kuyambira mwezi wakuti mpaka wakuti. Mukalemba kuti "zikalata zonse zokhudza nkhaniyi", banki kapena chipatala chili ndi ufulu wopempha bwalo kuti lichepetse kapena kuchotsa chisamanicho, makamaka pomwe pali zinsinsi za anthu ena. Mboni nayo ikakhala ndi chifukwa chomveka cholepherera, monga matenda, idziwitse bwalo tsiku lisanafike. Kungojomba kumatengedwa ngati kunyoza bwalo, ndipo munthu angathe kumangidwa pa mlandu womwe sunali wake.

Chinanso chomwe odziimira okha amaiwala n'chakuti chilichonse chomwe mwapereka ku bwalo mlandu uli m'kati, kaya pempho lofuna chiletso kapena losintha tsiku, mbali zonse ziyenera kulandira kope lake nthawi ikadalipo. Ngati odandaulidwa ali atatu, makope akhale atatu. Woweruza akaona kuti wina sadadziwitsidwe, kawirikawiri amaimitsa nkhaniyo, ndipo mtengo wa tsikulo ungagwere inu.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti zikalata zonsezi zimabwera m'Chingerezi cha maloya. Mayi wa kumudzi akalandira pepala lotere amalisunga m'chikwama kudikira mwana wake wa kutauni adzamuwerengere, masiku 14 aja akutha. Pempho langa kwa akuluakulu a mabwalo ndi lakuti chisamani chilichonse chizikhala ndi tsamba limodzi m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, lonena zinthu zitatu: masiku oyankhira, ofesi yokapereka yankho, ndi zomwe zichitike munthu akapanda kuyankha.

Wowerenga wanu,
Lilongwe