Za mlendo ali pakhomo pakopo

Mwana wanga,

Kuno tadzuka, bondo lija lokha ndi limene likundikaniza kutsikira kudimba. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umangoti "ndamva amayi, ndamva," kenako mayunitsi atha.

Nkhaniyi ndaimvera ku Mvano Lachinayi, pagulu, kwa anthu amene anaimva kwa wina wa minibasi pa Lizulu. Akuti mnzako uja watuluka kundende ya ku Zomba ndipo akugona m'nyumba mwako ku Ndirandeko, sabata yachitatu tsopano. Ine mayi ako kumvera kwa anthu apanjira! Ndinangoti kukamwa yasa, azimayi onse maso ali pa ine. Unkaopa chiyani? Unkayesa ndikuuza kuti umupirikitse?

Sindikuuza zimenezo. Mwana uja ndinamusambitsa m'beseni limodzi ndi iwe. Tsiku limene unagwa mumtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, ndi iye anakubereka kumsana mpaka pakhomo, akulira kuposa iwe wothyoka mkonowe. Mayi ake ndinapita nawo kawiri kukamuona, kudzera pa Balaka ndi pa Liwonde, titanyamula ufa, sopo ndi kashuga. Ulendo wachiwiri anandigwira dzanja pobwerera, nati akadzatuluka iwo kulibe, tisadzamusiye ngati galu wopanda mwini. Chaka chomwecho tinawaika m'manda, iye osaponyako ndi dothi lomwe. Ndiye wachita bwino kumutsegulira chitseko. Bambo ako akanakhala moyo akanachita chimodzimodzi, ngakhale akanayamba akalipa kaye.

Koma tulo sindikupeza, ndipo chondisowetsa tulo si iyeyo ayi. Ndi mowa.

Usiku uja munali awiri pa kachasu paja. Iwe unachoka msanga chifukwa ndinatuma mlongo wako kudzakuitana, mbuzi zitalowa m'munda mwa eni. Mbuzi, mwana wanga. Chikhala kuti sizinathyole khola, bwenzi amene anatola mpini uja ali ndani? Ndimadzifunsa mpaka lero. Mnzakoyo sanabadwe wakupha. Anali mwana waulemu kuposa iwe, wosadutsa munthu wamkulu osavula chipewa. Botolo ndi limene linamutengera zaka 14 pamaso pa woweruza, ndipo botolo lomwelo linagoneka mwana wa eni kumanda, kusiya mkazi ndi ana awiri. Wakhalako zaka 9 ndi miyezi, zinazo amuchotsera monga amachitira ndi mkaidi wosunga mwambo. Zaka 9 osalawa. Tsono iwe usakhale munthu woyamba kumugwiritsa botolo m'manja poti tikondwerere kutuluka. Ndikudziwa kuti Loweruka umakonda kukhala pa anzako ukaweruka. Usandinamize, mpongozi wanga sanandiuze kanthu, ndimakudziwa ndekha. Masacheti aja boma linaletsa, koma mowa sunathe m'dziko muno, wangosintha zovala.

Ukafuna kumusangalatsa mugulire nyama, adye. Kundende amadya kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo, chaka ndi chaka. Ukaona akudya mothamanga, kapena akubisa mkute, ana asamuseke. Uwauze bwinobwino. Akadzuka usiku n'kukhala tsonga osayankhula, musiye, anazolowera kugona mopanikizana ndi anthu ambirimbiri, ndipo chipinda cha yekha chikhoza kumuopsa. Usamufunsefunse za mkatimo. Akafuna adzanena yekha.

Dziko lomwe walipezali si limene analisiya mu 2015. Ndalama ya K2,000 inatuluka iye ali mkati, ya K5,000 ndiye ya dzana lomweli, mu 2022. Mitengo ya zinthu imuzunguza mutu, poti ngakhale ife amene tinali kunja kuno kwacha itagwa mu November 2023 tinasowa pogwira. Usamutume kumsika ndi ndalama zambiri masiku oyambawa, osati poti aba, koma amubera. Ndipo ngati alibe chiphaso cha unzika, pita naye ukamulembetse, chifukwa masiku ano popanda chimenecho ngakhale nambala ya foni salembetsa. Ndamva kuti anaphunzira ukalipentala kumeneko. Ngati n'zoona, mugulire sowo ndi pulena, ngakhale zakale, ayambe ndi timipando. Ndalama m'manja ayi. Zida. Munthu wokhala chabe kuyambira m'mawa mpaka madzulo, miyendo imamutengera yokha kumene kukumveka nyimbo, ndipo ku Ndirande simusowa kotero.

Ndabwereranso pa mowa pomwepo, ndikudziwa. Ndipirire.

Tsono za mkazi wako. Unamufunsa, kapena unangofika naye mlendoyo chikwama chili m'manja? Ndikukudziwa, umatenga mtima wa bambo ako, wogamula wekha n'kumayesa kuti onse akondwa. Mwana wa eni ake uja sanakule naye mnzakoyo. Iye akudziwa chimodzi chokha, kuti m'nyumba mwake mukugona munthu amene anaphapo munthu, ndipo iwe ukapita kuntchito amatsala ndi ana. Akaopa usamukalipire, mantha akewo ndi oona. Khala naye pansi, mugwirizane kuti mlendo akhala mpaka liti, miyezi itatu kapena inayi, kenako mumupezere kachipinda kake pafupi, ngakhale lendi ya mwezi woyamba ulipire ndiwe. Chibwenzi cha pa ubwana chisakupasulire banja. Ndipo eni nyumba amve kwa iwe, asamve kwa anthu ngati mmene ndamvera inemu. M'tauni mukasowa kanthu kakang'ono, ngakhale ndowa, maso onse adzaloza pakhomo pako, ndipo ukudziwa zimene anthu amachita akangokuwa kuti wakuba. Amuzolowere akumuona masana akupala matabwa, adziwe dzina lake.

Kumudzi kuno asafulumire kubwera. Izi ndikunena ndi mtima wowawa, chifukwa manda a mayi ake ali konkuno ndipo ndikudziwa akufuna kudzawaona. Koma mkazi wamasiye uja ndimakumana naye pamjigo tsiku ndi tsiku. Mwana wake wamkulu anasiyira sukulu Fomu 2, pano akuyendetsa kabaza. Boma linamaliza mlandu wake, koma kubanja kuja sunathe, palibe anapitako kukagwada. Ndayankhula kale ndi amalume ako. Akuti iwo atha kutsogolera, apite kaye kwa amfumu, amfumu aitane mbali zonse, ndipo mnzakoyo adzapepese ndi pakamwa pake, osati kutumiza uthenga. Asadzapite chimanjamanja, ndiponso asadzapite akuyembekeza kuti amukhululukira tsiku lomwelo. Akadzamutukwana adzangowerama. Akadzakana kumuona, adzabwerere, tidzayesenso chaka china. Iwe pokhala mnzake usamamuuze kuti zinatha, iwala. Sizinathe. Ukamukonda umuthandize kusenza, osati kumunamiza kuti palibe katundu.

Anthu ayankhula, ayamba kale. Wina Lachinayi lomwelo anandiuza kuti woyenda ndi lumbe amadzagona pambalambanda. Ndinamuyankha kuti mnzako akapsa ndevu umamuzimira, ndipo ndinaimirira n'kunyamula nsalu yanga. Koma pobwerera panjira ndinalira, chifukwa mbali ina ya mtima wanga inkagwirizana naye. Ndili ndi mwana wamwamuna mmodzi. Ndinaona mmene mnzanga uja, mayi a mnzakoyo, anathera, thupi lonse kusungunuka ndi maulendo a ku Zomba, kugulitsa mbuzi imodziimodzi mpaka khola kuti mbee. Ine mphamvu zimenezo ndilibe.

Ndiye undilonjeze chinthu chimodzi, ndipo undiyankhe polemba, osati "ndamva amayi." Iwe ndi iye musadzakhale pamodzi pamene pali mowa. Kaya ndi paukwati, kaya ndi pamaliro, kaya wina wakugulirani. Ukadzamva fungo pakamwa pake, usadzabise poti ndi mnzako, udzandiuze tsiku lomwelo, ndidzakwera minibasi ndi bondo langali. Ndipo iye akadzamva fungo pakamwa pako, umuuze kuti ndamupatsa chilolezo andiimbire. Umuwerengere ndime imeneyi, asayese ndikumunena kumbali.

Ndatumiza thumba la mbatatesi ya ku Tsangano ndi nyemba pang'ono kwa dalaivala yemwe uja, ufike pa Wenela Lolemba masana. M'kati mwa nyembamo muli kampango kofiira, ndi ka mayi ake, anandisiyira kuti ndidzamupatse. Umupatse muli awiri, ana atagona. Undiuzenso saizi ya nsapato imene akuvala, za bambo ako zija zikungodyedwa ndi nkhungu m'sutikesi.

Moni kwa mpongozi wanga ndi adzukulu anga. Mnzakoyo umuuze kuti mayi ake a kuno akuti takulandira.

Ndine mayi ako.