Mafoni a intaneti akutigwira ndi magetsi m'maofesi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule nawo za mafoni atsopanowa amene akuikidwa m'maofesi kuno ku Zomba, aja oyendera intaneti amati VoIP. Kuntchito kwathu anthu akumagwidwa ndi magetsi pakhutu kapena pachala akangonyamula foni, moti mayi wina wachikulire wa pa reception pano amayamba wakulunga chogwirira ndi mpango asanayankhe, koma ukawauza mabwana amangoti ndi static, kamoto kongodzikundikira m'thupi, izitha yokha.

Static ilikodi, makamaka nyengo youma cha mu Ogasiti mpaka Okutobala ukakhalitsa pa mpando wa pulasitiki, koma ija imangothetheka kamodzi basi. Izi zomanjenjemeretsa dzanja nthawi zonse ukagwira ndi nkhani ina. Mafoni ambiriwa salumikizidwa pa soketi ayi, moto umabwera mu waya wa netiweki womwewo kuchokera ku switch (kabokosi kolumikiza mawaya onse a netiweki), ma volti pafupifupi 48, ndipo zonse zikakhala bwino sayenera kugwira munthu. Vuto limakonda kukhala ku switch komweko, chifukwa iyo imadya ma volti 230 a pakhoma, ndiye ikakhala yopanda earth, waya wotayira moto m'nthaka, kamoto kotayikira kamasowa kolowera, kamatsata waya mpaka kakapeze khutu la munthu.

Nanga earth yo ichokera kuti? Nyumba zina mtauni muno zinamangidwa likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, mawaya ake amawayendera ndani? Kuntchito kwathu ndinazungulira kuseri, chitsulo cha kopa chokhomera pansi chija palibe, waya wa girini ndi yelo akungolendewera pakhoma. Mkatimu ndiye ma extension otchipa olumikizana-lumikizana pansi pa desiki, pulagi ya mapini awiri yochita kukakamiza mu soketi ndi chivindikiro cha bolopeni. Magetsi akathima tikayatsa jenereta ndiye zimanyanya, ndipo mvula ikayamba ndi ziphaliwali za kuphiri kuno ine ndimachita mantha kwambiri, anthu ena ali ndi vuto la mtima.

Lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito limaika udindowu pa olemba ntchito. Chonde mabwana musamangomukankhira mnyamata wa IT, iye mawaya a magetsi si ntchito yake. Itanani electrician wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, adzayeze earth ya nyumba yonse, ya kabati ya switch ndi ya jenereta yomwe. A unduna wa zantchito nanunso musamangothera kumafakitale, tiyendereniko m'maofesi muno mudzaone pansi pa madesiki.

Wodandaula,
Chinamwali, Zomba