Ana awerenge buku lenilenilo, osamangoloweza mapamfuleti

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe yandisowetsa mtendere kuno ku Mzuzu, ya mmene ana athu akuphunzirira mawu a Chingerezi kusekondale. Ine si mphunzitsi ayi, ndine telala kuno ku Chibavi, koma ndikusunga mwana wa achemwali anga yemwe ali fomu 3 pa CDSS ina mumzinda muno, ndiye zomwe ndinaona m'nyumba mwanga momwe ndi zomwe zandilembetsa kalatayi.

Usiku wina mu June, kuja kumazizira kuno mpaka zala kukana kugwira singano, ndinamupeza atadzikulunga chitenje akung'ung'udza yekha ndi pepala la fotokope m'manja. Mawu a Chingerezi mbali iyi, matanthauzo ake mbali inayo, akuti ndi mawu ovuta a m'buku lawo la Literature. Nditamufunsa kuti nanga bukulo lili kuti anati, "Amalume, mabukuwo alipo ochepa, amatibweretsera nthawi ya phunziro basi, belu likangolira amatolera nkukatsekera mu ofesi." Ndiye ana amangogula timapamfuleti ta chidule cha nkhani ndi mafunso ndi mayankho ake, ena amangotumizirana pa WhatsApp, chaka nkutha mwana asanawerengepo mutu umodzi wathunthu.

Ndinatenga pepala lija nkusankha liwu limodzi, reluctant. Anayankha pompo osapuma, tanthauzo lonse la Chingerezi ndendende mmene lalembedwera. Ndinati chabwino, tandiuze mu Chichewa tsopano, kapena undiuze kuti m'nkhanimo ndani anali reluctant ndipo chinamupangitsa ndi chani. Zii, anangoyang'ana kudenga. Ndipo mwanayu si mbuli, masamu amakhoza bwino kwambiri, kungoti liwulo analimeza lamoyo osalitafuna.

Zinandikumbutsa nthawi yanga m'zaka za m'ma 1990. Nafenso mabuku anali ochepa, limodzi anthu asanu, chikuto chinachoka kalekale masamba ena omata ndi phala, koma aphunzitsi athu ankalola kuti aliyense apite nalo kunyumba masiku awiri nkupatsira mnzake. Ndipo anatipatsa lamulo lomwe sindidzaiwala. Ukakumana ndi liwu lachilendo usathamangire dikishonale, werenga kaye mpaka ndime ithe, uganize wekha kuti mwina likutanthauza chakuti, ulembe chiganizo chonsecho m'kakope kako pamodzi ndi nambala ya tsamba, ukatero ndiye ukaone mu dikishonale ngati unalasa. Ine kakope kanga ndinachita kudula pakati kope lakale la Agriculture nkusoka ndi ulusi.

Liwu loyamba lomwe ndinalasa ndekha linali drizzle. Ndinkawerenga pa koloboyi, utsi uli m'maso, munthu wa m'nkhanimo akuyenda mu drizzle, zovala zikunyowa pang'onopang'ono koma iye osathamanga osabisala. Ndinati mvula yanji yomwe munthu sathawa? Kutacha ndikutuluka panja ndinapeza kamvula kathu kaja ka ku Mzuzu kakuwaza, kopanda phokoso padenga koma ukafika kusukulu malaya ali chinyontho, ndinangoti eya ndi imeneyi. Mpaka lero kakayamba kuwaza liwu lija limabwera lokha, sindinalilowezepo ngakhale tsiku limodzi.

Mmene ndikuonera ine, liwu la m'nkhani limakhala ndi mwini wake. Umalikumbukira chifukwa umakumbukira amene anakwiya, amene analira, amene ananamizidwa, komanso wolemba amalibwereza patsogolo pena kawiri pena katatu ndiye ukamalipezanso umakhala ngati wakumana ndi munthu womudziwa kale pamsika. Chinanso umaona mawu omwe limayenda nawo, kuti amati reluctant to go osati reluctant for going, zomwe pa pepala la mndandanda lija mulibe. Ndiye mwana akafika polemba composition amaponya liwu lalikulu pamalo posayenera, aphunzitsi nkulizunguliza ndi cholembera chofiira, iye nkumadabwa poti tanthauzo analoweza bwinobwino.

Tisaiwale kuti nkhaniyi si yamasewera. Kuti mwana apeze satifiketi ya MSCE amayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi ndipo Chingerezi chikhale pomwepo, akapeza 9 pa Chingerezi basi zaka zinayi zapita ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi motani. Ndipo a MANEB pa comprehension amabweretsa ndime yomwe mwana sanaionepo chibadwire, pamenepo pamfuleti sikuthandiza, chomuthandiza ndi chizolowezi chija chonunkhiza tanthauzo kuchokera pa mawu oyandikana nawo. Chizolowezi chimenecho munthu sachipeza pa sabata imodzi ya mayeso ayi.

Komanso taganizani za mwana wa kuno. Kunyumba ena Chitumbuka, ena Chitonga, ife Chichewa, pamsika ndi pa depoti zonsezi zimangosakanikirana ndipo ndi zabwino, ine ndimanyadira. Koma Chingerezi amakumana nacho mkalasi mokha, mwina ndi timawu tiwiri titatu ta pa Facebook. Malo okhawo omwe angakhale nacho nthawi yaitali, chikuyankhula ziganizo zathunthu tsamba ndi tsamba, ndi m'buku la nkhani lija, ndiye lomwelo tikulitsekeranso m'kabati.

Mu December 2015 laibulale ya Mzuzu University itapsa tonse tinadandaula kuti mabuku apita, ndipo zinali zowawadi. Koma kwa mwana wa fomu 3 buku lomwe saloledwa kugona nalo kunyumba nalonso ndi losowa, ngakhale lili bwinobwino pa shelefu. Ndikudziwa nkhawa ya aphunzitsi akulu, ana amataya, ena amang'amba, ena amagulitsa kumene, ndipo ndalama zogulira ena palibe. Zoona zimenezo sindikutsutsa. Koma si pali kaundula? Mwana asayine, kholo lisayine, lotayika lilipidwe, kusiyana nkuti buku likhale latsopano zaka zisanu osawerengedwa. A Unduna wa Zamaphunziro nawonso akamasankha buku loti lilowe pa silabasi azionetsetsa kuti lafikadi m'masukulu mokwanira, makamaka ma CDSS komwe kuli ana a ife osauka. Ndipo pa misonkhano ya PTA timakangana za mpanda ndi zimbudzi mpaka dzuwa kupendeka, za mabuku a Literature sindinamvepo wina akuimika dzanja, ine ndemwe ndinali chete mpaka pano.

Makolo anzanga, musanene kuti Chingerezi sindichidziwa ndiye sindingathandize. Muuzeni mwana akufotokozereni mu chiyankhulo chanu zomwe wawerenga lero, ngati wamva mudzadziwa, ngati sanamve mudzadziwanso. A National Library Service ali ndi nthambi mumzinda mommuno, Loweruka m'malo mongokhala pa foni mwana akhoza kukakhalako maola awiri.

Ife tinagwirizana ndi mabanja awiri oyandikana nawo omwe ali ndi ana a kalasi yomweyo, tinasonkherana nkugula buku limodzi logwiritsidwa kale ntchito, likumagona nyumba iliyonse masiku awiri. Mwana wa achemwali anga uja ndinamusokera kakope ngati kanga kaja. Dzulo m'mawa ndinamutuma makala kukuzizira, ananyamuka monyinyirika akukoka mapazi, atafika pakhomo anatembenuka nkuti, "Amalume, reluctant ija ndi imeneyi eti?" Pano ali mutu wachitatu ndipo m'kakope muja muli mawu 14, lililonse ndi chiganizo chake.

Kholo lokhudzidwa,
Chibavi, Mzuzu