Wodwala khansa asamangopatsidwa chipinda chilichonse mu hotela

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi mabanja amene akuperekeza m'bale wawo wodwala khansa kukalandira chithandizo kutali ndi kwawo. Ambiri akamasungitsa malo ogona amangoona kuti hotela yalemba kuti ili ndi chipinda cha anthu olumala, n'kulipiriratu mtima uli m'malo. Komatu zipinda zoterezi zimakonzedwa poganizira munthu woyenda pa njinga ya olumala, pamene zosowa za munthu amene ali pa kemo, kutanthauza mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, n'zosiyanako.

Khomo lotakata masentimita osachepera 80 ndi lofunika ndithu, koma chimene chimamuzunza kwambiri wodwalayu ndi kufooka. Munthu amene wakhala maola angapo pa diripi sangathe kuyenda khonde lalitali, choncho chipinda chikhale chapansi kapena pafupi ndi chikepe.

Koma malo amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi kubafa. Mankhwala ena a kemo amachititsa dzanzi m'mapazi ndi m'manja, moti munthu samva bwino pamene waponda, ndipo kukweza mwendo kuti alowe m'bafa lakuya pa matailosi onyowa kungathe kumugwetsa. Kugwa kwa munthu wotereyu si nkhani yaing'ono, chifukwa nthawi zina magazi ake amachedwa kuundana akavulala. Funsani ngati shawa ndi yolowa mosakwera chilichonse, ngati muli mpando wokhalapo posamba, ndiponso ngati pakhoma pali zitsulo zogwirira pambali pa shawa ndi chimbudzi. Musakhutire ndi yankho lakuti zonse zilipo. Pemphani zithunzi za chipinda chenichenicho.

Funsaninso za firiji. Majakisoni ena, monga aja othandiza kuchulukitsa maselo oyera a m'magazi, amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, koma timafiriji tina ta m'mahotela sitizizira mokwanira, ndipo m'zipinda zina magetsi amazima mlendo akangosolola khadi lotsegulira chitseko potuluka. Fungo nalo limadzutsa mseru msanga, choncho uzani ogwira ntchito asapopere zonunkhiritsa, ndipo kanani chipinda chimene anthu amasutiramo fodya kapena chimene chili ndi nkhungu pakhoma.

Mtunda wopita kuchipatala uyesedwe ndi nthawi imene mungatenge usiku pakati, osati ndi kukongola kwa malowo. Chitetezo cha m'thupi chimatsika kwambiri pakadutsa masiku 7 mpaka 14 munthu atalandira kemo, ndipo thupi likatentha kufika madigiri 38 wodwalayo muyenera kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche.

Kwa eni mahotela ndili ndi pempho limodzi lochokera pansi pa mtima. Tsiku la chithandizo limasintha kawirikawiri, chifukwa dokotala akapeza kuti magazi sanabwerere m'malo amaimitsa kaye mankhwala mpaka sabata ina. Si chilungamo kuti banja lotere litaye ndalama zonse zimene linalipira chifukwa cha chinthu chimene silikanachitira mwina. Lolani alendo oterewa kusintha masiku popanda chindapusa akaonetsa kalata ya dokotala, ndipo mabanja nawonso apemphe kuti lonjezo limeneli, pamodzi ndi nambala ya chipinda chimene agwirizana, zilembedwe mu imelo asanatumize ndalama.

Ndine,
Wowerenga wanu wokhudzidwa