Ululu wa msana wa asilikali akale suoneka pa ekisire

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za makolo athu amene anagwira mfuti, kaya pa nkhondo ya ufulu imene inafika kuno ku Tete mu 1968, kaya ija ya zaka 16 yomwe inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Lamulo la 16/2011 loona za asilikali akale lilipo ndithu ndipo olumala pa nkhondo analembedwamo, koma kuti munthu apatsidwe peresenti ya ulumali wake amayenera kukaonekera ku junta, gulu la madokotala oyeza ulumali, ndiye nkhani imayambira pamenepo.

Amene anaduka mwendo ndi bomba lokwirira palibe amamutsutsa, chilema chili poyera. Nanga msana? Amalume anga kuno ku Angónia ankasenza mabokosi a zipolopolo kukwera nawo mapiri, lero akawerama kuti apalire mbatatesi ululu umayambira m'chiuno nkutsika kuseri kwa ntchafu mpaka kuphazi ngati moto, zala dzanzi, patapata imavuka yokha iwo osamva. Anawajambula ekisire nkuwauza kuti mafupa ali bwinobwino, ndi ukalamba basi, peresenti yake yochititsa manyazi. Komatu ekisire imaonetsa mafupa, mtsempha umene wapanikizika pakati pa mafupa a m'munsi mwa msana imeneyo siyiuona, pamafunika makina aja a MRI, ndiye munthu wa ku Tsangano kapena Furancungo awapeza kuti?

Apilo amati ilipo. Ulembe rekerimento, kalata ya pempho ija, m'Chipwitikizi, ubweretse mapepala osonyeza kuti unavulala uli pa ntchito ya usilikali, mapepala ake ati poti kuthengo kunalibe woti nkulemba, enanso anapsa pomwe anthu ankathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Kenako ukwere chapa tsiku lonse mukugundana m'mabampu ndi msana womwewo, kukaima pa bicha (pa mzere) nkuuzidwa kuti bwerani mwezi wamawa. Ambiri amangozisiya.

Ine pempho langa ndi loti madokotala a junta azibwera m'maboma muno, ndipo asamangoyang'ana chithunzi, amuyendetse munthuyo ndi zidendene, amugoneke amukweze mwendo, amubaye pang'ono kuphazi aone ngati akumva. Mwendo wofooka chifukwa cha mtsempha uziwerengedwa pawokha powonjezera pa msana. Umboni wa anzake amene anali naye gulu limodzi uzilandiridwa pamene mapepala palibe. A ADEMIMO, bungwe la asilikali olumala, tithandizeni kuyankhula izi, ndipo mutiuzeko m'chiyankhulo chathu masiku amene munthu ali nawo oti achite apilo.

Wowerenga wanu,
ku Ulongwe, Angónia